Kope lakuda la m'shopu mwanga

Amalume anafika pashopu cha m'ma 9 koloko m'mawa, ali pa kabaza, m'manja muli kabokosi ka foni yatsopano. Munali mu Julayi chaka chatha, mwera uli pachimake. Sanakhale n'komwe pansi. Anangoika kabokosiko pamwamba pa makina a fotokope n'kunena kuti, "Mphwanga, ndibwezere zonse zinali m'foni ija. Paja unalemba ndiwe."

Foni ija inali itagona pansi pa nyanja. Usiku wa Lachiwiri akuchokera ku usipa, chakufupi ndi Senga Bay, funde linamenya bwato cham'mbali, iwo n'kuwerama kuti agwire nyali, foni n'kupulumuka m'thumba la jekete. Akuti inangoti chubwi, kuwala pang'ono m'madzimo, kenako zii. Inapita ndi manambala a amayi onse a ku Lilongwe amene amawagula usipa, gulu lawo la WhatsApp louzana mitengo, komanso K340,000 ya nsomba za sabata imeneyo, imene inali isanatapidwe.

Ine ndili ndi kashopu pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Timapanga fotokope, timataipa makalata, timapulinta ma CV ndi makhadi a ukwati. Koma ntchito imene imandidyera nthawi kwambiri sinalembedwe pachikwangwani: kutsegulira anthu maimelo. Mwana wakhoza MSCE, akufuna kufunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, afunika imelo. Wina wamva kuti bungwe lina likulemba anthu ntchito, afunika imelo. Agogo agulidwa foni ya Android ndi mwana wawo wa kutauni, foniyo ikukana kutsitsa WhatsApp popanda akaunti ya Google, abwera kwa ine. Ndipo aliyense tikamaliza mawu ake ndi amodzimodzi: "Mayi, mungondisungira, ine ndiiwala."

Ndinkasungadi. Ndinali ndi kope lakuda lachikuto cholimba, lija la 2 quire timagula pamsika, ndipo ndinalemba mizere itatu: dzina, imelo, pasiwedi. Linkakhala m'dirowa ya pansi, limodzi ndi sitepula ndi malisiti a pepala. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadziona ngati ndikuthandiza anthu, ndipo kunena zoona ambiri ndinawathandizadi.

Tsiku limenelo ndinatulutsa kope lija modzidalira. Tsamba la amalume ndinalipeza msanga, pasiwedi ili pomwepo, dzina la bwato lawo ndi chaka chimene anagula injini. Ndinailemba m'foni yatsopano, Google n'kuilandira bwinobwino. Kenako inati yatumiza manambala 6 ku nambala yothera ndi 47, ndiwalembe apa. Ndinawayang'ana amalume. Nambala yothera ndi 47 inali m'madzi.

"Si vuto," ndinatero, "tipite mukabwezeretse simu. Chiphaso cha unzika muli nacho?"

Chiphaso anali nacho, chokutidwa bwino m'kapepala ka pulasitiki. Koma titafika ku ofesi ya kampani ya foniyo, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, dzina lili apa si lanu. Mwini nambalayi ali kuti?" Apa mpamene amalume anakumbukira. Mu 2018, MACRA italamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, iwo anali ku chilumba cha Mbenje, ndiye mwana wawo wachisamba ndi amene anakaima pamzere n'kulembetsa nambalayo m'dzina lake. Mwanayo ali ku Johannesburg kuyambira 2021. Mtsikana uja sanalakwe. Akanakhala kuti amapereka simu kwa aliyense wobwera ndi nkhani yomvetsa chisoni, bwenzi tonsefe titaberedwa kalekale. Koma tinatuluka muja manja lende, amalume osayankhula mpaka tinafika pashopu.

Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti pasiwedi ndinali nayo, yolondola, yolembedwa ndi dzanja langa, koma sinatsegule kanthu. Ife a banki m'khonde timadziwa kuti bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake kwa amayi atatu osiyana, ndipo mmodzi akapita ku maliro ku Dedza bokosi silitseguka ngakhale awiri enawo alipo. Zaka zonsezi ndinkasungira anthu kiyi mmodzi n'kumaganiza kuti ndasunga bokosi lonse. Kiyi winayo ndi simu. WhatsApp imatumiza manambala ake 6 ku simu. Facebook ukaiwala pasiwedi imafunsa simu kapena imelo, imeloyo nayo ikufunsa simu. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zili pa nambala yomweyo. Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, koma kanyamula zonse, ndipo anthu ambiri amene ndimawadziwa sangakuuzeni kuti kanalembetsedwa m'dzina la ndani. Wina analembetseredwa ndi mkazi amene anasiyana naye, wina ndi mnyamata wogulitsa masimu pa depoti amene sadzamuonanso.

Tinamuimbira msuweni wanga ku Joni kuja. Anati sangabwere msanga, ntchito ya kumeneko siisiyika, koma adzabwera kumapeto kwa Okutobala kudzamanga chiliza cha mayi ake. Miyezi itatu. Amalume anagula simu ina, n'kuyamba kutolera manambala a makasitomala awo mmodzimmodzi, kufunsa kwa anzawo kudoko. Ine mwezi uliwonse ndinkathira mayunitsi a K500 ku nambala yomira ija, poopa kuti ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito angaitseke n'kuipereka kwa munthu wina.

Ndikanangosiyira pomwepo bwenzi kope lija lidakali m'dirowa. Chinalichotsamo ndi nkhani ina ya mu Seputembala.

Aphunzitsi ena a pa pulayimale ina yakuno, mayi aulemu wawo, kasitomala wanga wakalekale, anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Akaunti yawo ya Facebook inali itayamba kulankhula yokha. Inatumizira anzawo onse uthenga wakuti mwana wawo wagonekedwa m'chipatala, akufunika K20,000 mwachangu, atumize pa nambala yakuti. Anthu anayi anali atatumiza kale, mmodzi ndi mkulu wa mpingo wawo. Mayiwo sanakalipe. Anangoima pakauntala n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, pasiwedi yanga amaidziwa ndi awiri. Ine, ndi kope lanu."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. M'shopu muno mwadutsa anyamata othandiza atatu pa zaka zimenezi. Dirowa ija ilibe loko. Ndikapita kukagula chakudya chamasana, aliyense akhoza kutsegula, kujambula tsamba ndi foni, n'kubwezera ngati palibe chachitika. Patapita masiku awiri tinapeza pamene panaboka: mayiwo anali atadina linki imene inazungulira pa WhatsApp yolonjeza bandulo yaulere, tsamba lake looneka ndendende ngati Facebook, n'kulembapo okha nambala ndi pasiwedi. Anabweranso kudzapepesa, atanyamula nthochi. Koma ine mtima sunakhale pansi, chifukwa masiku awiri amenewo ndinalibe njira iliyonse yosonyezera kuti si kope langa. Ndipo likanakhala kope langalo, si munthu mmodzi akanalira.

Loweruka lotsatira ndinatseka shopu molawirira, n'kukhala pansi ndi kope lija kuwerenga tsamba ndi tsamba. Munali anthu 214. Nditayang'ananso mu Chrome, pulogalamu yolowera pa intaneti ya pakompyuta ya m'shopu, ndinapezamo maakaunti ena 63 amene anangosungika chifukwa anthu amadina "Save" osawerenga.

Kuwerenga mapasiwedi a anthu a m'dera lako motsatizana choncho kuli ngati kusuzumira m'zipinda zawo. Ndinaseka, kenako ndinachita mantha. Dzina la mwana woyamba ndi chaka chake chobadwa, amenewo ndiye osawerengeka. Okonda mpira sabisika: wa Bullets walemba Bullets, wa Nomads walemba Nomads, kutsogolo kwake chaka chimene timu inatenga chikho. Opemphera alemba Yohane316 kapena Salimo23, ndipo Salimo23 yekhayo ndinamupeza kwa anthu asanu ndi mmodzi osadziwana. Ena nambala yawo ya foni yomweyo.  Choipa kwambiri n'chakuti ambiri mwa mapasiwedi amenewa ndinawasankhira ndine, pofuna kuthamangitsa mzere: "Mwana wanu dzina lake ndani? Anabadwa liti? Basi, imeneyo ndiye pasiwedi yanu."

Za PIN ya ndalama ndiye musanene. Manambala anayi amatha kusanjidwa m'njira 10,000, koma munthu akaika chaka chake chobadwa wazichepetsa yekha kufika pa makumi angapo. Ndipo chaka chimenecho chalembedwa poyera pachiphaso cha unzika, chija tonse tinajambulitsa mu 2017. Ine ndimapanga fotokope ya ziphaso zimenezi tsiku lililonse. Pepala likatuluka lakuda kwambiri, kasitomala amati "pangani lina", loipalo n'kupita m'bini. Ana amatola mapepala a m'bini mwangamo kukagulitsa kwa amayi a mandasi ndi a mtedza. Ndiye kuti dzina la munthu, nkhope yake ndi PIN yake zikhoza kukulunga zitumbuwa pa siteji ya ku Senga Bay. Masiku ano fotokope ya chiphaso ikalakwika ndimampatsa mwini wake, akaikana ndimaing'amba pamaso pake.

Kope lija sindinaliwotche tsiku lomwelo, chifukwa ena pasiwedi yawo inali m'menemo mokha. Ndinagula lezala, n'kuyamba kudula mzere uliwonse pawokha, timizere topyapyala ta pepala, n'kuika kalikonse m'kaenvelopu kolembedwa dzina. Amene ndinali ndi nambala zawo ndinawaimbira. Ena ankadutsa okha kudzapulinta, ine n'kuwapatsa kaenvelopu kawo, n'kuwakhazika pansi kuti tisinthe pasiwediyo pompo, ine nditatembenuka kuyang'ana kukhoma pamene iwo akulemba. Bambo wina wa ku Khombedza anakwiya zenizeni. "Ndiye mukundithamangitsa? Ndakulakwirani chiyani?" Ndinawafotokozera mpaka anamvetsa, ngakhale anachoka akung'ung'udza kuti masiku ano anthu safuna kuthandizana. Pofika Disembala panatsala maenvelopu 40 a anthu amene anasamuka, ena anatisiya. Amenewo ndinawaponya pa mbaula. Mwina ambiri mwa maakaunti amenewo anali atafa kale, poti Google inalengeza kuti kuyambira Disembala 2023 akaunti yokhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa.

Musandimve molakwa, kulemba pasiwedi papepala ine sindikutsutsa. Achinyamata ena ophunzira za makompyuta amabwera m'shopu n'kumaseka anthu olemba m'kope, amati zonse zizikhala m'mutu kapena m'foni. M'mutu mwa ndani? Ine ndekha ndili ndi maimelo awiri, Facebook, WhatsApp, akaunti ya kubanki, *211# ndi *444# iliyonse ndi PIN yake, tsamba limene ndimaodako inki, ndi la sukulu ya mwana wanga. Munthu wofuna kusunga zonsezi m'mutu mapeto ake amaika pasiwedi imodzi paliponse, ndipo pamenepo mpamene akuba amakondwera. Tsamba limodzi losasamalika likabedwa, amatenga imelo ndi pasiwedi zimene apezamo n'kukaziyesa ku Facebook, ku Gmail, kulikonse. Wakuba wa pa intaneti ali kutali, sangafike m'sutikesi ya kuchipinda kwanu. Vuto la kope langa lija silinali pepala. Linali lakuti zinsinsi za anthu 214 zinali m'dirowa imodzi yopanda loko, pamalo podutsa aliyense.

Panopa ndili ndi kakope kanga kakang'ono, ka ine ndekha, ndipo sikafika kushopu. Kamakhala m'sutikesi momwe muli setifiketi ya ukwati ndi makhadi a kusikelo a ana. Tsamba lililonse ndi akaunti imodzi: dzina lolowera, pasiwedi, nambala ya foni imene akauntiyo imatumizako manambala, ndi tsiku limene ndinasintha komaliza. Mzere wa nambala ya foniwo ndinauwonjezera chifukwa cha amalume. Ndimalemba ndi pensulo kuti ndikasintha ndizifufuta, chifukwa kope lakale lija linali ndi mapasiwedi atatuatatu okhwatchakhwatcha, osadziwika kuti wamoyo ndi uti.

Mapasiwedi enieniwo ndinasiya zija za chilembo chachikulu pakati, kadontho apa, kanyenyezi apo, zoti mawa lake waiwala kuti kanyenyezi kanali pati. Ndimatenga mawu anayi a Chichewa osagwirizana n'komwe, monga chambo, njinga, sopo, mwera, n'kuwalumikiza, kenako nambala kumapeto ngati tsambalo laumirira. Imatalika, ndipo kutalikako n'kumene kumavutitsa makina oyesa mapasiwedi, koma m'mutu imakhala ngati kachithunzi: chambo chakwera njinga, chanyamula sopo, mwera ukuwomba. Mwambi kapena vesi ayi, chifukwa chimene chimadziwika ndi mudzi wonse si chinsinsi. Ndipo chonde, chambo changacho musachitenge, ndachiwononga kale pochilemba pano.

Masamba ang'onoang'ono, oti ngakhale atabedwa sindingalire, ndimalola Google Password Manager ya m'foni mwanga kuti izipanga yokha mapasiwedi ndi kuwasunga. Imagwira bwino ntchito, bola foniyo ikhale yokiya ndipo isamabwerekedwe kwa ana kuti aonere makatuni. Pakompyuta ya m'shopu ndinazimitsiratu zosunga mapasiwedi, ndipo kasitomala asanadzuke pampando ndimamuuza atuluke kaye muakaunti yake ine ndikuona.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikanakonda ndikanazidziwa amalume asanataye foni. Choyamba, Google imapereka manambala osungira pangozi, amawatcha backup codes: amakhala 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Ukayatsa zotsimikizira kawiri, zija zoti ukalemba pasiwedi Google imafunsanso manambala, umatha kuwapulinta n'kuwasunga, ndiye simu ikatayika umalowa ndi imodzi mwa amenewo. Pepala limodzi, K100 ya kupulinta, likanawabwezera amalume manambala a makasitomala awo tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi PIN ya manambala 6 ya WhatsApp, imene umaika wekha, kuti wina akakunyengerera n'kutenga manambala obwera pa SMS aja asathe kungolanda akaunti yako. Anthu akuba a pa foniwa amaimba ndi mawu aulemu kwambiri, "pepani achimwene, ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, mungandiwerengereko?" Mukawerenga, mwapereka kiyi. Simu nayonso ili ndi PIN yake imene ambiri sitiyatsa. Koma imeneyo samalani nayo: mukalakwitsa katatu imafuna PUK, ija ili pakakhadi kamene simu inathyoledwapo, kamene tonse timataya pakhomo pa shopu tikangogula.

PIN ya ndalama yokha sindinailembe m'kakope. Pamenepa tinakanganapo ndi bambo a kunyumba. Iwo amati banja lisamabisirane, ine ndimati si kubisa, koma foni zathu zimagwiridwa ndi ana, ndi alendo, ndi alamu obwera kudzacheza. Komabe ndinaona zimene anavutika mayi wina woyandikana nafe, amuna awo atamwalira mwadzidzidzi ndalama za fetereza zili m'foni. Anayenda ndi makalata a kwa mfumu ndi chiphaso cha imfa mpaka mvula inayamba. Ndiye tinagwirizana zapakati: aliyense analemba zake papepala, n'kumata mu envelopu, n'kusaina pomatapo. Maenvelopu awiriwo ali m'sutikesi muja. Kamodzikamodzi ndimasuzumira kuona ngati yanga idakali yomata. Ndikukhulupirira kuti nawonso amatero.

Msuweni wanga anabweradi mu Okutobala, kutentha kuja kwa kuno koti ngakhale mthunzi umawotcha. Chiliza chisanayambe kumangidwa, amalume anamugwira dzanja ngati mwana wa sukulu mpaka ku ofesi ija, aliyense ndi chiphaso chake. Simu inabwezedwa, nambala n'kusinthidwa kukhala m'dzina la amalume. Pasanathe ola foni inayamba kulira ngati yapenga, mauthenga akulowa. K340,000 ija inali momwemo, ngakhale mtengo wa mafuta a injini sunawadikire.

Tinapita limodzi kwa ejenti wa pafupi ndi shopu yanga. Mnyamatayo atanena kuti "ikani PIN, bambo", amalume anatembenuka, kundipatsa msana ine mphwawo, n'kuphimba foni ndi chipewa. Foniyo tsopano imakhala m'kajumbo ka shuga, komangidwa ndi chingwe cha ukonde chimene amachikoleka m'khosi.

Ndinawafunsa ngati PIN yatsopanoyo si chaka cha injini chija.

"Ayi."

"Nanga mwailemba penapake, malume? Mungadzaiwale."

"Ndalemba," anatero akuwerenga ndalama zawo kachiwiri. "Koma pamene ndalembapo sindikuuza. Si iwe unati tisamakuuze?"